Kujambula kapu, loko ndi mthiko: kodi kungatsegule mutu wa munthu?

Chifundo (Ndirande):
Akuluakulu onse pa gulu pano, ndithandizeni maganizo. Ine ndimajambula nkhope za anthu kuchokera pa zithunzi za mu foni. Ndimagawa chithunzi m'timabokosi, papepala ndilembanso timabokosi, kenako n'kumakopera bokosi ndi bokosi mpaka nkhope ituluke. Zimafanana ndithu, moti ena amandilipirako. Vuto ndi lakuti mukandilanda foniyo n'kundipatsa pepala loyera kuti ndijambule za m'mutu mwanga, ndimangoliyang'ana, palibe chimene chimabwera. Mkulu wina wandiuza kuti ndisiye kaye nkhope, ndiyambe kujambula zinthu za m'nyumba monga kapu, supuni ndi nsapato. Kodi zimenezi n'zothandizadi? Ine ndikuona ngati n'kubwerera ku Sitandade 3.

Aphunzitsi (Dedza):
Mkulu ameneyo wakuuzani zoona, a Chifundo. Chithunzi cha mu foni chimabwera chitakugwirirani kale ntchito yaikulu. Kamera yasankha poima, yadula m'mbali, ndipo chinthu chomwe chinali ndi kutsogolo ndi kumbuyo yachigoneka chafulati. Inu mwangotsala ndi kusamutsa. Kapu ikakhala patebulo pamaso panu, zonsezo muzichita nokha.

Tayesani madzulo ano. Ikani kapu patebulo, khalani pampando, muyang'ane pakamwa pake. Mutu wanu ukudziwa kuti m'pozungulira. Maso anu akuona zina: chozungulira chophwatalala, chachitali cham'mbali, chachifupi chokwera. Ana ambiri amene ndinawaphunzitsa, ngakhalenso akuluakulu, ankajambula pakamwa pozungulira bwinobwino, pansi pake n'kungodula mzere wowongoka. Ankajambula zimene akudziwa, osati zimene akuona. Chonsecho thako la kapu nalonso ndi lokhota, ndipo kapu ikakhala m'munsi mwa maso, thakolo limakhota kuposa pakamwa. Mukaziona zimenezi ndi maso anu, osati chifukwa choti ndanena ine, mubwere mudzatiuze.

Madalitso (Johannesburg):
Pepani aphunzitsi, ine apa ndasiyana nanu. Kukopera za mu foni ndi kukopera kapu, konseko n'kukopera basi. Mnyamatayu akufunsa za maganizo akeake, ndipo maganizo sachokera mu kapu. Pali anthu amene anabadwa ndi mphatso, akangogwira pensulo zinthu zimatuluka zokha. Amene alibe mphatsoyo akhoza kujambula makapu mpaka kukalamba, adzangokhala wodziwa makapu.

Wazikwangwani (Kasungu):
Achimwene a ku Johannesburg, zinthu mukuzipeputsazo ndi zimene ine zimandidyetsa. Pakhoma la hadiweya amafuna wilibala, fosholo, loko, ndowa ya penti. Pa lesitilanti amafuna mbale ya nsima ndi chambo. Ndipo mwini sitolo salola wilibala yooneka ngati bafa, amakuuza kuti fufuta.

A Chifundo, ndikupatseni mayeso. Tengani pepala pompano mujambule njinga osaiyang'ana. Njinga tonse timaiona tsiku ndi tsiku, akabaza ali pangodya iliyonse. Koma anyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito kwa ine, ambiri amakoka tcheni mpaka ku tayala lakutsogolo, ena amalumikiza felemu moti chiwongolero sichingakhote n'komwe. Si manja amene amawalakwitsa. Njingayo sanaiyang'anepo chibadwire, amangoidutsitsa m'maso.

Thoko (Zomba):
Za njingazi anazifufuzapo ku University of Liverpool. Katswiri wina, Rebecca Lawson, anatulutsa zotsatira zake mu 2006: anapempha anthu kuti aike felemu, tcheni ndi zopalasira pa chithunzi cha njinga, ndipo ambiri anaziika malo olakwika, kuphatikizapo ena amene amakwera njinga kawirikawiri. Timaganiza kuti zinthu zotizungulira timazidziwa, pomwe timangodziwa dzina lake ndi ntchito yake.

Achemwali a ku Leeds:
Nkhani imeneyi yandikhudza. Ine kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndikaweruka ndimajambula kuti mtima ukhale pansi. Nditafuna kujambula mbaula ya mayi anga kuchokera m'mutu, ndinapeza kuti sindikudziwa kuti kachitseko kochotsera phulusa kanali mbali iti, zogwirira zinakhomedwa bwanji, timiyendo tinali totani. Mbaula yomwe ndinaphikirapo ubwana wanga wonse! Zinandipweteka mumtima.

Kuyambira pamenepo ndimajambula zinthu zimene ndinabwera nazo kuchokera kumudzi: mthiko, chipande, kalichero kakang'ono. Pojambula mthikowo ndi pamene ndinaona kuti unatha mbali imodzi, mbali imene mayi ankakandira nayo pansi pa poto povundula nsima. Kagwiridwe kawo kali pamtengopo. Ndaugwiritsa ntchito nthawi yaitali osaona zimenezo, pensulo ndi imene inandionetsa. A Madalitso, kwa ine kumeneko si kukopera ayi.

Aphunzitsi (Dedza):
Zikomo mayi, mwafika penipeni. Mutu wa wojambula uli ngati nkhokwe: sungatapemo chimanga chimene sunalongemo. A Chifundo akamakopera bokosi ndi bokosi, maso awo amaona kachidutswa kakuda apa, kachidutswa koyera apo, koma mphuno yonse monga mphuno salowa nayo m'mutu. Ndiye pepala loyera likabwera, m'nkhokwemo mulibe kanthu.

Pali njira yakale yolongera. Tengani chinthu chimodzi, kaya loko, kaya sizasi. Chiyang'aneni kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, osagwira pensulo. Chiphimbeni ndi nsalu. Jambulani zimene mukukumbukira. Kenako vundukulani muyerekeze. Pamene mwaphonya m'pamene simunayang'ane. Phimbaninso, jambulaninso. Ulendo wachiwiri maso amapita okha pamalo anaphonya paja. Mukamachita zimenezi ndi zinthu zosiyanasiyana, tsiku lina mudzafuna kujambula mayi akutseka chitseko cha golosale, ndipo loko adzatuluka m'dzanja mwanu popanda kumufunafuna mu foni.

Madalitso (Johannesburg):
Chabwino, za kukumbukirazo ndavomera. Koma kusunga si kupanga. Munthu akhoza kukhala ndi maloko ndi masizasi odzaza mutu, koma chatsopano osatuluka. Chatsopanocho chichokera kuti?

NaPhiri Telala (Limbe):
Ndiloleni ndiyankhe ine, poti ntchito yanga ndi yofuna zatsopano sabata iliyonse. Mayi akabwera ndi chitenje amati "ndikufuna sitayilo yoti ku ukwati ndisafanane ndi wina". Kale tonse tinkangotsegula zithunzi zomwezomwezo pa Facebook, mapeto ake matelala a mzere wonse tikusoka diresi imodzi.

Makasitomala akachepa ndimakhala ndi kope pambali pa makina, n'kumajambula chilichonse chili pafupi. Tsiku lina ndinajambula lichero la mayi wogulitsa mtedza. Kuti ndilijambule bwino ndinayenera kulondola nsungwi imodziimodzi, kuti iyi yadumpha zingati, yalowa pansi pa zingati, ndipo n'chifukwa chiyani mizere yake imayenda mopendekeka. Ndili mkati molondola, ndinaona kuti malukidwe amenewo ndikhoza kuwachita ndi timizere ta nsalu pachifuwa pa bulauzi. Mkombero wa lichero, mmene amaumangira mozungulira muja, unandipatsa khosi lake. Sindinakhale pansi kuti lero ndiganize zatsopano ayi. Zinabwera ndikuyang'ana.

Chinanso, aliyense wofuna kujambula anthu ovala, aponye chitenje pampando ajambule makwinya ake. Makwinya sabwera mwachisawawa, amachokera pamene nsalu yakoledwa n'kumatsika mobalalika. Ukadziwa zimenezo, siketi ndi mpango wa kumutu sizikuvutanso.

Thoko (Zomba):
Ndionjezere pa mawu a anaPhiri, komanso ndiyankhe za kubadwa ndi mphatso. Vincent van Gogh anaganiza zokhala wojambula ali ndi zaka 27, mu 1880, atayesa kugulitsa zithunzi, uphunzitsi ndi ulaliki. Zojambula zake zoyamba zinali zouma ndithu, ndipo ankadziphunzitsa pojambula mobwerezabwereza. Anamwalira mu 1890, kutanthauza kuti ntchito yake yonse ndi ya zaka khumi. Mu 1886 ku Paris anapenta nsapato zakutha, zingwe zili lendelende. Mu 1888 ku Arles anapenta mpando wake wamba, pamwamba pake ataikapo kaliwo ndi fodya. Mpando ndi nsapato basi, koma mpaka lero anthu amaima pamzere kukaziona, chifukwa amaonamo munthu amene ankazigwiritsa ntchito.

Winanso ndi Giorgio Morandi wa ku Bologna, Italy, amene anabadwa mu 1890 n'kumwalira mu 1964. Iyeyu pafupifupi moyo wake wonse ankapenta mabotolo, mitsuko ndi timabokosi tomwetomweto m'kachipinda kake. Ankangozisuntha pang'ono, ili aliyandikize, ilo alibise kumbuyo kwa linzake, ndipo fumbi ankalisiya dala kuti zisanyezimire. Mukaona zithunzi zake, mabotolowo ena amaoneka ogwirizana, ena osungulumwa. A Madalitso, chatsopano chinali m'kasanjidwe ndi m'zimene anasankha kusiya. Ngakhale pa kapu imodzi pali zosankha zambiri: ikhale pakati pa pepala kapena pakona, yaikulu kapena yaing'ono, kuwala kuchokere kuti, mzere uti ukhale wolemera. Anthu khumi akajambula kapu imodzi sizifanana, ndipo kusiyanako ndiye munthuyo.

Mayi a Tadala (Area 25):
Moni nonse. Ine ndimangowerenga, sindinalembepo pa gulu pano. Anandilowetsa ndi mwana wanga. Ndinasiya kujambula ku pulayimale, panopa ndili ndi zidzukulu. Mtima umafuna, makamaka ndikaona zimene mumaika pano, koma dzanja langa limanjenjemera, mzere wowongoka sinditha. Kodi munthu wa msinkhu wanga angayambe? Nanga ndigule chiyani?

NaPhiri Telala (Limbe):
Takulandirani mayi. Ndikufunseni kaye: kumudzi munazirapo nyumba? Munaikapo maluwa pakhoma ndi dothi lofiira, loyera ndi mtsiro pokonzekera Khirisimasi?

Mayi a Tadala (Area 25):
Ee, kwambiri! Kwathu ku Ntchisi khonde lathu ndinkalikongoletsa ndine, anzanga ankabwera kudzaonera. Koma sindinaganizepo kuti kumeneko n'kujambula.

Aphunzitsi (Dedza):
N'kujambula kwenikweni, mayi, ndipo ndi kwakale kuposa pensulo. Kuno kwathu m'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija anajambula ndi Akafula, zoyera zija ndi makolo athu Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo zimakhudza chinamwali, ntchito ya amayi. Ankagwiritsa dothi loyera ndi chala. Mukadzapita ku Chentcherere kapena ku Mphunzi mudzaone, mulibe mzere wa lula m'menemo.

Za kunjenjemera musadandaule nazo. Mzere wowongoka ndi ntchito ya lula. Zinthu za m'nyumba mwathu, mtsuko, chikho, mbatata, chinangwa, zilibe mzere wowongoka, ndipo mzere wonjenjemera pang'ono umazikhala bwino. Yambani ndi zimenezo, musayambe ndi botolo kapena kapu ya galasi, chifukwa zopangidwa ndi makina zikapotoka pang'ono aliyense amaona. Mbatata ikapotoka ikadali mbatata.

Njira yoyambira nayi. Ikani mbatata patebulo. Ikani nsonga ya pensulo papepala. Maso anu akhale pa mbatata, aziyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwake, dzanja lizitsatira liwiro la maso. Papepala musayang'anepo mpaka mutamaliza, pensulo musainyamule. Chotuluka chidzakhala chopotoka, mizere siikumana, ndipo ziyenera kutero. Koma muyang'anitsitse, mupeza kuti kabampu kena, kokhota kena, katuluka ndendende mmene kalili. Ntchito ya masewero amenewa n'kuzoloweretsa dzanja kumvera maso. Ngakhale akatswiri amayamba nawo tsiku kuti dzanja limasuke.

Wazikwangwani (Kasungu):
Pa zogula, mayi, musawononge ndalama. Pensulo ya ana asukulu, lezala ndi kope wamba zakwana. Kuseri kwa kalendala yakale ndi pepala labwino zedi. Katoni nayonso, ndipo pa katoni pali mwayi wina: mtundu wake uli pakatikati, ndiye mdima mumaika ndi khala, kuwala mumaika ndi choko, chinthu chimadzuka msanga. Ndimakumbutsa anyamata anga za Edward Saidi Tingatinga wa ku Dar es Salaam. Anayamba mu 1968 ndi penti ya njinga pa zidutswa za silingibodi, anamwalira mu 1972, koma kajambulidwe kake mpaka lero kakudyetsa mabanja ambiri ku Tanzania. Pepala lodula limapatsa mantha, umaopa kuliwononga. Pa katoni umajambula momasuka.

Thoko (Zomba):
Zoona. Mukadzafuna kuonjezera, gulani pensulo imodzi yolembedwa 2B kapena 4B. Mkati mwa pensulo muli mwala wofewa wotchedwa graphite wosakaniza ndi dongo, njira imene Nicolas-Jacques Conté wa ku France anaipeza mu 1795. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, ndiwo ma H. Graphite akachuluka imafewa n'kumada, ndiwo ma B. Ya kusukulu ija ndi HB, ili pakati. Ndi HB yokha mukafuna mdima weniweni mumakanikiza mpaka pepala kunyezimira kapena kubooka, pomwe 4B imada popanda mphamvu. Kwa dzanja lonjenjemera yofewa ndi yabwino. Mwala umenewu kwathu kuno uliponso, ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe.

Posongola gwiritsani lezala, nsonga ikhale yaitaliko. Mukatero mukhoza kuigoneka cham'mbali n'kupaka mdima waukulu kamodzi.

Bambo a Mwiza (Chipata):
Moni abale a ku Malawi. Pa nkhani ya makala ndiikepo ndemanga. Makala a pa mbaula ambiri ndi a mitengo yolimba, amakanda pepala ndipo amalemba modukizaduka. Ojambulira mukhoza kupanga nokha. Dulani tinthambi towongoka tonenepa ngati pensulo, ta mabulosi timachita bwino, tisendeni makungwa, tiume. Tilongeni m'kachitini kokhala ndi chivindikiro, boolani kabowo kamodzi pachivindikiropo ndi msomali, ikani pamoto. Pabowopo pazituluka utsi, kenako kalawi. Zikasiya, chotsani kachitiniko koma musatsegule mpaka kazizire, mukafulumira mpweya ulowa ndipo zonse zisanduka phulusa. Chitirani panja, ndipo chitini cha penti kapena cha mankhwala ayi.

Makala otere ndi ofewa, ukalakwitsa umangopukuta ndi kansalu. Ine ndimajambula nawo makasu ndi nkhwangwa za kumunda. Khasu lililonse lili ndi mpini wake, lina wopindika, lina wosalala pamene dzanja limagwira. Kuti asafufutike ena amawaza mankhwala olimbitsa tsitsi aja, chapatali, ngakhale pakapita zaka pepala limachita chikasu.

Chifundo (Ndirande):
Ndabweranso. Njinga ndayesa, a Wazikwangwani, ndipo ndaona zimene mumanena: zopalasira sindinadziwe poziika. Kapu ndajambulanso, thako lakhotadi aphunzitsi, ndaliona ndi maso anga. Kenako ndinatenga mpando wapulasitiki wa pakhonde. Chithunzi ndi chimenecho ndatumizacho. Miyendo yandivuta kwambiri, yakumbuyo ikuoneka ngati ikuyandama. Popanda timabokosi ndiyeza bwanji?

Thoko (Zomba):
Chotsamira mwachigwira bwino, achimwene, mzere wanu ndi wotsimikiza. Miyendo ikuyandama chifukwa yonse inayi mwaimaliza pamzere umodzi. Yakumbuyo ili kutali, ndiye papepala iyenera kuthera m'mwamba pang'ono kuposa yakutsogolo.

Zothandiza ziwiri. Choyamba, tambasulani mkono wonse, pensulo ili chilili, tsinzinani diso limodzi. Nsonga ya pensulo ikhale pamwamba pa mpando, chala chachikulu chitsike mpaka pokhalira. Umenewo ndiye muyeso wanu. Onani kuti ukulowa kangati m'litali ndi m'lifupi mwa mpando. Chigongono chisapindike, chikapindika muyeso wasintha. Muthanso kugoneka pensulo chopingasa pansi pa mwendo wakutsogolo, muona nokha kuti wakumbuyo uli pamwamba pake motani.

Chachiwiri ndimachikonda kwambiri: siyani kujambula mpando, jambulani mipata. Pakati pa miyendo pali mpata wokhala ndi maonekedwe ake, pa chotsamira pali timipata. Mutu ulibe chithunzi chosungira cha mpata, ndiye sungakunamizeni. Mukajambula mipata yonse molondola, mpando umatsala pakati wokha. Njinga nayonso imagonja ndi njira yomweyi, felemu ija ndi mipata iwiri ya ngodya zitatu.

Wazikwangwani (Kasungu):
Ndipo labala mumubise, a Chifundo. Ndikuona papepalapo mwafufuta mpaka lachita ubweya. Jambulani ndi bolopeni kwa kanthawi. Mzere ukalakwika, lembani wolondola pambali pake, wolakwikawo ukhale pomwepo. Ukadziwa kuti sufufuta, umayang'ana kawiri usanalembe.

Aphunzitsi (Dedza):
Kwa a Chifundo ndikuvomera, iwo dzanja lawo ndi lozolowera. Kwa Mayi a Tadala ndikukana. Munthu woyamba kumene ukamuchotsera labala amachita mantha, n'kusiya. Iwo ajambule mopepuka kaye, mizere yosaoneka bwino, akakhutira ndiye akanikize. Komanso labala si wofufutira zolakwa zokha. Mukhoza kudetsa pepala lonse ndi khala, kenako n'kutulutsa kuwala pofufuta. Azungu asanayambe kugwiritsa mphira cha m'ma 1770 ankafufuta ndi mkati mwa buledi, ndipo pa makala buledi amagwirabe ntchito mukamuumba kampira.

Chimene ndikupempha nonse n'chakuti musang'ambe. Lembani tsiku pakona, sungani. Munthu sadziona kuti akupita patsogolo mpaka ataika ya lero pambali pa ya miyezi yapitayo.

Achemwali a ku Leeds:
Ndionjezere za kuwala. Babu la padenga limawalitsa ponseponse, chinthu chimaoneka chafulati. Zimitsani, muyatse kandulo kapena tochi mbali imodzi. Kwanuko magetsi akathima ndiye nthawi yake imeneyo. Mudzaona mbali yowala, mbali yamdima, ndi chithunzithunzi chogwera patebulo. Malo akuda kwambiri amakhala pamene chinthu chakhudza tebulo, ndipo mukawadetsa pamenepo chinthu chimakhala pansi, sichiyandama. Mukatsinzina pang'ono, tizinthu ting'onoting'ono timasowa, mumatsala ndi zigawo zikuluzikulu za kuwala ndi mdima. Yambani ndi zimenezo.

Kuntchito ndimajambula ndi agogo ena, manja awo onjenjemera kuposa anu, Mayi a Tadala. Timaika tiyipoti pakati, aliyense ndi pepala lake, ndipo pojambulapo nkhani zakale zimayamba kutuluka. Ku University of Waterloo ku Canada, mu 2016, anapeza kuti anthu ankakumbukira bwino mawu amene anawajambula kuposa amene anangowalemba mobwereza. Ine sindidabwa nazo.

Madalitso (Johannesburg):
Ndawerenga zonse. Za mphatso sindinasinthe kwenikweni, ndimakhulupirirabe kuti ena amabadwa ndi diso lakuthwa kuposa anzawo. Koma nkhani ya lichero ija yandigwira. Nkhawa yanga yatsala apa: ndaona anthu amene amajambula zipatso ndi mabotolo mwaukatswiri zaka ndi zaka, osasunthapo. Chimene ndikufuna aphunzitsi atiuze ndi chakuti munthu amawoloka bwanji kuchoka pa "ndajambula chimene chilipo" kufika pa "ndanena kanthu".

Aphunzitsi (Dedza):
Funso limeneli ndi labwino kuposa loyamba lija, a Madalitso, ndipo za diso lakuthwa sindikutsutsani. Amene amaima malo amodzi ndi amene amajambula chinthu kamodzi, chikafanana n'kupita pa china. Ine ndimati khalani pa chinthu chimodzi mpaka kufanana kukutopetseni. Tengani koloboyi. Mujambuleni mmene alili. Mawa mumuyang'ane kuchokera pamwamba. Mkuja jambulani chingwe chake chokha, chidzaze pepala lonse. Tsiku lina chithunzithunzi chake chokha pakhoma. Kenako muyambe kufunsa: ndani amamuyatsa, nthawi yanji, pambali pake pamakhala chiyani? Mukaika kope lotsegula pambali pake, mwanena za mwana wokonzekera mayeso. Mukaika mbale ziwiri, imodzi yovundikira, mwanena za munthu amene akudikiridwa. Simunajambule nkhope, koma aliyense wa kwathu kuno amva.

N'chifukwa chake ndimalimbikira zinthu zathu zomwe. Apulo ndi botolo la vinyo za m'mabuku a kunja sizikuuzani kanthu. Chigubu chachikasu pamzere wa pa mjigo, patapata womangidwa ndi waya, thumba la feteleza losanduka chikwama cha sukulu, zimenezo mukuzidziwa mbiri yake, ndipo wojambula wa ku London sangazijambule mmene mungazijambulire inu.

Mayi a Tadala (Area 25):
Ndachita manyazi koma ndatumiza. Mbatata ndi imeneyo, ya osayang'ana papepala ija, ndi ina ndajambula ndikuyang'ana. Mdzukulu wanga anakhala pambali nayenso n'kujambula yake, tinakhala chete mpaka ndiwo zinatsala pang'ono kupserera. Tsopano ndikufuna ketulo yanga ya chitsulo, koma imanyezimira. Kunyezimira amakujambula bwanji ndi pensulo yakuda?

NaPhiri Telala (Limbe):
Mayi, yachiwiriyo mpaka timaso ta mbatata taoneka! Dzanja la pakhonde lija silinaiwale.

Thoko (Zomba):
Mwayamba bwino kwambiri, mayi. Pa ketulo, kuwala simujambula, mumakusiya. Pepala loyeralo ndiye kuwala kwanu. Musanayambe kudetsa, zungulizani mopepuka malo owala kwambiri kuti pensulo isafikepo. Kenako yang'anani m'chitsulomo: muona zenera, chitseko, mwinanso inu nomwe, zonse zitapindika motsatira mimba ya ketulo. Musaziganizire kuti ndi chiyani, jambulani zigawo zakuda ndi zoyera mmene zilili. Kusiyana kwa mbatata ndi chitsulo n'kwakuti pa mbatata mdima umalowa pang'onopang'ono, pa chitsulo chakuda bii chimagundana ndi choyera mbee popanda chapakati. Ndiye apa musapake ndi chala, malire akhale akuthwa. Mutu musausunthesunthe, mukasuntha zonse za m'chitsulomo zimasunthanso.

Bambo a Mwiza (Chipata):
Bwanji tonse tijambule ketulo sabata ino, aliyense ya kunyumba kwake? Yanga ndi yakuda ndi mwaye, ndiye ine za kunyezimirazo zindiphonya, koma makala andikwanira.

Wazikwangwani (Kasungu):
Ndalowa nawo. Potumiza, jambulani pepalalo ndi foni masana pafupi ndi zenera, foni ilunjike pepala osapendekeka, fulashi ayi chifukwa pensulo imanyezimira. Mpopi wa ketulo muusamale, ambiri amauika m'mwamba kwambiri. Yang'anani pamene wamera pamimba musanalembe.

Madalitso (Johannesburg):
Yanga ndi yamagetsi, yapulasitiki. Ikuloledwa?

Aphunzitsi (Dedza):
Ikuloledwa, ndi chingwe chake chomwe. Titumize Loweruka madzulo.